Dry Sump: Kayendedwe ka Oilo mu Injini za Magalimoto a Mpikisano

Dry sump ndi njira yoyendetsera oilo mu injini, momwe oilo sasungidwa kunsi kwa injini monga pa magalimoto a masiku onse, koma mu thanki yapadera yoikidwa pambali. Mau awa ndi a Cingerezi ndipo atanthauza sampu youma. Sampu ndi cibeseni ca citsulo cimene cimamangidwa kunsi kwa injini, pomwe amakanika amamasula nati akafuna kukhetsa oilo wakale.

Njira imeneyi ndiyo imagwiritsidwa nchito pa magalimoto a Formula One, a IndyCar, a NASCAR Cup ku America, ndiponso magalimoto akulu-akulu a mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans m'dziko la France. Colinga cake cacikulu ndi cakuti pampu ya oilo isamwe mpweya ngakhale kwa kanthawi kocepa, cifukwa injini yothamanga ikasowa oilo imaonongeka m'masekondi owerengeka.

Nchito ya oilo mu injini

Mkati mwa injini muli zitsulo zambiri zoyenda mwaliwiro. Mapisitoni amakwera ndi kutsika, ndipo potero amazungulitsa citsulo cacikulu cochedwa crankshaft, cimene cimapereka mphamvu ku giyabokosi mpaka ku mawilo. Crankshaft imagona pa tizitsulo tofewa tochedwa ma bearing.

Injini ikakhala kuti ikuyenda bwino, crankshaft sikhudza ma bearing ai. Imayandama pa oilo amene pampu imakankhira pampata wa pakati pa ziwirizi. Mpata umenewu ndi wa mamilimita pafupi-fupi 0.05, wolingana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu.

Injini imene ikuzungulira maulendo 6,000 pa mphindi imodzi ndiye kuti ikuzungulira maulendo 100 pa sekondi. Kuyambira m'caka ca 2009 kufikira 2013, malamulo a Formula One anali kulola maulendo 18,000 pa mphindi, amene ndi maulendo 300 pa sekondi. Malamulo a m'caka ca 2014 anatsitsa malire amenewa kufika pa 15,000.

Pa liwiro lotere, oilo akaduka, citsulo cimayamba kukhula cinzake. Bearing imatentha ndi kusungunuka, ndipo nthawi zina ndodo imene imalumikiza pisitoni ku crankshaft imathyoka ndi kuboola khoma la injini. Apa ndi pomwe amakanika amanena kuti injini yanoka.

Oilo ali ndi nchito zinanso. Amacotsa kutentha ku mapisitoni ndi ku ma bearing, komwe madzi a mu rediyeta safika. Amanyamula zinyalala ndi tizidutswa ta citsulo kupita nato ku sefa, ndiponso amathandiza maring'i a pisitoni kutseka bwino mpata wa mu silinda.

Njira ya masiku onse

Magalimoto ambiri a pa mseu, monga Toyota Corolla ndi maminibasi onyamula anthu, amasewenzetsa njira yochedwa wet sump, kutanthauza sampu yonyowa. Oilo onse, amene pa galimoto yaing'ono amakhala malita 4 kapena 5, amakhala mu sampu. Pampu imodzi imakoka oilo kudzera m'kapaipi kamene kamwa yake imafika pafupi ndi pansi pa sampu. Kucoka apo oilo amadutsa mu sefa, nalowa m'tinjira tobooledwa m'kati mwa injini, nafika ku ma bearing ndi kumutu kwa injini. Akatha nchito amagwa okha kubwerera mu sampu.

Njira imeneyi ndi yosabvuta, yopepuka ndi yotsika mtengo. Ilibe mapaipi a kunja amene angadonthe. Pa galimoto yoyenda pa mseu wamba imagwira nchito bwino kwa zaka zambiri, malinga oilo akhale okwana ndipo azisinthidwa pa nthawi yake.

Cimene cimacitika pokhota

Munthu amene anayendapo ndi beseni la madzi kumbuyo kwa galimoto adziwa kuti madzi sakhazikika. Galimoto ikakhotera kumanzere madzi amathamangira kumanja, ikamanga mabuleki amathamangira kutsogolo. Oilo a mu sampu amacita cimodzi-modzi.

Akatswiri amayeza mphamvu yokankhira cam'mbali imeneyi ndi muyezo wochedwa g. Pa 1 g, cinthu cimakankhidwira kumbali ndi mphamvu yolingana ndi kulemera kwake, ndipo pamwamba pa oilo pamapendekeka madigiri 45. Magalimoto a Formula One amapitirira 4 g pa makona othamanga ndi pomanga mabuleki. Pa 4 g oilo amapendekeka madigiri 76, kutanthauza kuti amangoimirira pa khoma la sampu.

Zikatero kamwa ya kapaipi kokoka imatsala pa mtunda. Pampu imayamba kumwa mpweya, ndipo mpweya sungathe kunyamula crankshaft. Kona ikatalika, ngozi nayo imakula. Pa mabwalo ozungulira a ku America, monga la Daytona, magalimoto amakhotera kumanzere kokha-kokha, ndipo pa kona iliyonse amakhala masekondi angapo ali pa liwiro lalikulu.

Bvuto laciwiri ndi thobvu. Oilo akamakhabvukira uku ndi uku amakumana ndi crankshaft imene ikuzungulira, ndipo imawabvundula mpaka kusakanikirana ndi mpweya. Oilo a thobvu sanyamula bwino katundu ndipo sacotsa bwino kutentha. Ndiponso crankshaft imene ikumenya oilo imataya mphamvu, monga munthu wothamanga m'madzi ofika m'maondo.

Zigawo za dry sump

Njira ya dry sump ili ndi zigawo zinai zikulu-zikulu: sampu yosazama, mapampu okoka, thanki, ndi pampu yokankha. Pakati pa zimenezi pamakhala mapaipi olimba, sefa ndi coziziritsira oilo.

Sampu yosazama nchito yake ndi kuwakha oilo amene akugwa, ndi kuwatsogolera ku mabowo okokera. Siisunga oilo. Nthawi zambiri imakhala ndi tizitsulo tomangidwa pafupi ndi crankshaft topala oilo amene akuzungulira nayo. Pa bowo lililonse pamakhala kasefa ka waya, kuti cidutswa ca citsulo cikathyoka m'kati cisalowe mu pampu.

Mapampu okoka amacotsa oilo mu sampu atangogwa kumene. Amakhala awiri kapena kuposerapo, ndipo iliyonse imakoka pa malo ake, ina kutsogolo, ina kumbuyo, ina kumutu kwa injini kapena ku turbo. Motero kulikonse kumene oilo athamangira amapeza pampu yowakoka. Mphamvu ya mapampu okoka onse pamodzi imaposa kwambiri ya pampu yokankha, kambiri kawiri kapena kupitirira apo. Izi zimacitidwa dala, cifukwa iwo amakoka oilo wosakanikirana ndi mpweya, ndipo afunika kucotsa zambiri kuposa zimene zikulowa kuti sampu ikhale youma.

Pa mainjini ambiri a mpikisano mapampu onsewa amalumikizidwa pa mtanda umodzi, namangidwa kunja m'mbali mwa injini. Amayendetsedwa ndi lamba wa mano kucokera ku crankshaft, pa liwiro la pafupi-fupi theka la liwiro la injini. Amakanika amawerenga mapampu amenewa ndi mau akuti stage. Pampu ya 3 stage ili ndi cigawo cimodzi cokankha ndi ziwiri zokoka, pomwe ya 5 stage ili ndi cimodzi cokankha ndi zinai zokoka. Pa mainjini ena, monga a Formula One, mapampu amayendetsedwa ndi magiya.

Thanki ndiyo imathetsa bvuto la pokhota, ndipo cinsinsi cake cili m'kaumbidwe. Imakhala yaitali ndi yopapatiza, ndipo bowo lotulukira lili pansi peni-peni. Beseni la madzi likapendekeka pang'ono pansi pake pamaonekera, koma botolo lalitali likhoza kupendekeka kwambiri pansi pake pali pomirabe. Ndi mmenenso thanki imeneyi imasungira bowo lotulukira pansi pa oilo, kaya galimoto ikukhota, ikumanga mabuleki kapena ikukwera phiri.

Thanki ili ndi nchito yaciwiri, yolekanitsa oilo ndi mpweya. Oilo wocokera ku mapampu okoka amalowera pamwamba, cam'mbali, kuti azizungulira motsatira khoma uku akutsika. Pozungulirapo oilo, amene ndi olemera, amakakamira ku khoma, ndipo mpweya umatsala pakati ndi kukwera. Zitsulo zopyapyala za mabowo zimene zimaikidwa m'kati zimacepetsa liwiro la oilo kuti thobvu lithe asanafike pansi. Mpweya umatuluka pa kapaipi ka pamwamba kopita m'kabotolo kowakha madontho. Pa cifukwa ici thanki siidzazidwa mpaka kukamwa. Nthawi zambiri oilo amafika magawo awiri mwa atatu, ndipo malo otsalawo ndi a mpweya.

Pampu yokankha imatenga oilo pansi pa thanki ndi kuwakankhira mu sefa, kenaka m'tinjira ta m'kati mwa injini. Kucoka apo ulendo wa oilo sulekana ndi wa pa galimoto wamba. Kusiyana kwake ndi kwakuti pampu imeneyi nthawi zonse imalandira oilo wopanda mpweya.

Mapindu ena

Ngakhale colinga coyamba ndi kuteteza ma bearing, dry sump imabweretsa mapindu enanso amene pa mpikisano amawerengedwa.

Loyamba ndi kutsitsa injini. Popeza kunsi kulibe cibeseni cakuya, injini ikhoza kuikidwa pafupi kwambiri ndi nthaka. Injini ndi cimodzi mwa zinthu zolemera koposa pa galimoto, ndipo kulemera kukakhala pansi galimoto siipendekeka kwambiri pokhota. Pa magalimoto othamanga m'chire, malo amene apulumutsidwa amathandiza kuti kunsi kwa injini kutalikirane ndi miyala.

Laciwiri ndi mphamvu. Crankshaft imazungulira pa malo opanda oilo ambiri, cotero mphamvu imene ikadatayika pomenya oilo imapita ku mawilo. Kuonjezera apo, mapampu okoka amacotsanso mpweya wa m'mimba mwa injini. Mpweya ukacepa kunsi kwa mapisitoni, iwo amatsika mosabvuta, ndipo maring'i amatseka bwino. Izi zimalola omanga injini kuika maring'i osathina kwambiri, amene sakhula khoma la silinda mwamphamvu.

Lacitatu ndi kuzizira kwa oilo. Thanki ikhoza kukhala yaikulu monga mmene omanga afunira, ndipo ili kutali ndi moto wa injini. Oilo ambiri amacedwa kutentha ndiponso amacedwa kutha mphamvu, cinthu cofunika kwambiri pa mipikisano yaitali monga ya ku Le Mans.

Lacinai ndi ufulu wosankha poika thanki. Omanga galimoto amaiika pomwe kulemera kwake kuthandiza kuti galimoto ikhazikike. Mu Formula One, kuyambira ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, thanki ya oilo imaikidwa kutsogolo kwa injini, pakati pa injini ndi thanki ya petulo, pafupi ndi pakati pa galimoto. Kale inali kukhala kumbuyo, ca ku giyabokosi.

Mbiri ndi zitsanzo

Njira imeneyi ndi yakale, ndipo inakhazikika kwambiri pa ndeke, zimene zimapendekeka, kukwera ndi kutsika kuposa galimoto iliyonse. Injini ya Rolls-Royce Merlin, imene inali kuyendetsa ndeke za Spitfire pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, inali ndi pampu imodzi yokankha ndi ziwiri zokoka.

M'caka ca 1954 kampani ya Mercedes-Benz inatulutsa galimoto ya 300 SL. Injini yake inagonekedwa cam'mbali ndipo inali ya dry sump, kuti boneti ikhale yotsika.

M'caka ca 1967 injini ya Cosworth DFV, imene anaikonza a Keith Duckworth, inapambana mpikisano wake woyamba ku Zandvoort m'dziko la Netherlands. Woyendetsa anali a Jim Clark, pa galimoto ya Lotus 49. Injini imeneyi inali ya dry sump, mapampu ake ali m'mbali ca kumunsi, ndipo inapambana mipikisano 155 ya Formula One kufikira m'caka ca 1983.

Galimoto ya pa mseu yodziwika koposa ndi njira imeneyi ndi Porsche 911, imene inaonetsedwa koyamba ku Frankfurt m'caka ca 1963. Injini yake inali yoziziritsidwa ndi mphepo, cotero oilo anali ndi nchito yaikulu yocotsa kutentha. Pa magalimoto a 1972 kampaniyo inasunthira thanki ya oilo kutsogolo kwa wilo lakumbuyo la kumanja, niika kacitseko kothirira kunja kwa galimoto. Patapita caka cimodzi inabweza thanki ku malo akale, ndipo cifukwa cimene cimachulidwa kambiri ndi cakuti anthu ena anali kuthira petulo pa kacitsekoko poyesa kuti ndi ka mafuta.

Ku America, Chevrolet Corvette Z06 ya 2006, ya injini ya malita 7, inatuluka m'fakitale ili ndi dry sump.

Njinga zamoto zambiri nazo zimasewenzetsa njira imeneyi. Harley-Davidson Sportster zakale zili ndi thanki ya oilo pansi pa cishalo. Pa Triumph Bonneville ya 1971 ndi pa Honda XR650L, oilo amasungidwa m'kati mwa citsulo ca felemu, cimene cimagwira nchito ya thanki.

Zobvuta zake

Dry sump ndi yokwera mtengo. Pafunika mapampu, thanki, sampu yapadera, mapaipi ndi zolumikizira, ndiponso oilo ambiri pa kusintha kulikonse. Zonsezi zimaonjezera kulemera ndipo zimafuna malo.

Polumikizira paliponse ndi malo amene angadonthe. Paipi ikaphulika pafupi ndi ekizozi moto ukhoza kubuka, ndipo oilo wotayikira pa bwalo amaterereza magalimoto a m'mbuyo.

Lamba wa pampu nayenso ndi malo a ngozi. Kamwala kakalowa pa mano ake, lamba akhoza kuduka kapena kubvuka, ndipo oilo amaleka kuyenda nthawi yomweyo injini ili pa liwiro. N'cifukwa cake lamba amachingidwa, ndipo kutsogolo kwa woyendetsa kumaikidwa nyali yaikulu yocenjeza, kuti azimitse injini msanga.

Oilo ambiri amacedwanso kutentha m'mawa. Oilo ozizira ndi olimba ndipo sayenda bwino m'mipata yaing'ono, motero magulu a mpikisano amayamba awatenthetsa asanalize injini.

Kayezedwe ka oilo nako ndi kosiyana, ndipo apa ndi pomwe eni magalimoto ndi njinga zotere amalakwa kambiri. Injini ikakhala nthawi yaitali osalira, oilo ena amatsika kucoka mu thanki kupita mu sampu. Munthu akayeza m'mawa injini ili yozizira, kandodo koyezera kamaonetsa ngati oilo acepa. Akaonjezera ndi kuliza injini, mapampu okoka amabweza oilo onse aja mu thanki, thanki imasefukira, ndipo oilo amatulukira pa kapaipi ka mpweya, nthawi zina mpaka kulowa mu injini ndi kutulutsa utsi. Kuyeza koyenera kumacitika injini itatentha, galimoto ili pa malo osapendekeka. Pa Porsche 911 zakale amayeza injini ikulira pang'ono-pang'ono, pomwe pa Corvette Z06 ya 2006 amayeza patapita mphindi zocepa injini itazimitsidwa. Buku la kampani yopanga galimoto ndilo limanena njira yotsatira.

Pomwe dry sump siloledwa

Si mipikisano yonse imene imabvomereza dry sump. Magulu ena amailetsa pofuna kucepetsa ndalama zimene opikisana amaononga, ndi kusunga magalimoto kuti afanane ndi a m'sitolo.

Citsanzo cili pa mipikisano ya rally, imene Zambia ili ndi mbiri yake. A Satwant Singh anapambana cikho ca African Rally Championship maulendo 8 pakati pa 1988 ndi 2000, ndipo a Muna Singh anacitenga m'zaka za 2004 ndi 2005 pa galimoto ya Subaru Impreza. M'zaka zimenezo magalimoto ambiri a Impreza ndi a Mitsubishi Lancer Evolution anali kupikisana m'gulu la Group N, momwe injini inayenera kukhala pafupi ndi mmene inacokera ku fakitale. Malamulo a gululi anali kulola kuika zochinga m'kati mwa sampu ya masiku onse.

Zochinga zimenezi ndi makoma a citsulo ozungulira kamwa ya kapaipi kokoka. Ena amakhala ndi tizitseko totsegukira mbali imodzi, tolola oilo kulowa koma osatuluka. Njira ina, pomwe malamulo alola, ndi botolo la citsulo losunga oilo pa mphamvu ya mpweya wopanikizidwa. Mphamvu ya pampu ikatsika, botolo limakankhira oilo ake mu injini kwa masekondi angapo, ndipo limadzazidwanso pampu ikayambiranso kukoka. Njira ziwirizi zimathandiza pa makona afupi-afupi, koma sizicotsa thobvu ndiponso sizilola kutsitsa injini.

Pa galimoto wamba

Galimoto yoyenda pa mseu wamba siifika pa mphamvu zokhotera za pa bwalo la mpikisano, ndipo sampu yake ndi yokwanira. Komabe bvuto limene dry sump inapangidwira likhoza kuigwera ngati oilo acepa. Oilo akatsika pansi pa mzere wa kandodo koyezera, kona wamba kapena citunda cikhoza kusiya kamwa ya kapaipi pa mtunda.

Cizindikiro cake ndi nyali yofiira ya oilo imene imayaka pokhota kapena pomanga mabuleki, nizimanso galimoto ikaongoka. Pa mseu wa makona ndi zitunda, monga pa mapiri a Manenekela pa mseu wa Great East, izi zikhoza kucitika mobwereza-bwereza pa ulendo umodzi. Nthawi iliyonse imene nyaliyo yayaka, ma bearing amakhala atasowa oilo. Woyendetsa akaona cizindikiro cimeneci ayenera kuima pa malo abwino, kuzimitsa injini ndi kuyeza oilo asanapitirize ulendo.